Mayi wothamanga osatopa, nanga kolesitolo wakwera bwanji?

Pali dandaulo limene limamveka kawirikawiri pakati pa amayi amene anayamba masewera olimbitsa thupi ndi mtima wonse. Munthu wakhala akulawirira m'mamawa kukathamanga, Loweruka saphonya ma aerobics, chitunda chimene kale chinkamusiya ali wefuwefu lero amakwera akucheza ndi anzake. Ndiye tsiku lina akayezetsa magazi, pepala n'kubwera likuti kolesitolo ndi wokwera. Ena amagwa ulesi pomwepo, amati thukuta lonse lija lapita pachabe. Ena sapita n'komwe kukayezetsa, poti munthu amene amamaliza mpira wa ntchemberembaye osapempha kutuluka angakhale bwanji ndi mafuta m'magazi? Magulu awiriwa asocheretsedwa ndi ganizo limodzi, loti minofu ikayamba kupirira ndiye kuti kolesitolo watsika. Zinthu ziwirizi zimakhudzana ndithu, koma pena pokha. Mayi akadziwa pamene zikukumana ndi pamene zikusiyana, sangataye mtima pachabe komanso sangadzinamize.

Mfundo yoyamba, imene ambiri sauzidwa, ndi yakuti minofu sipeza mphamvu mu kolesitolo. Mungathamange kuchoka ku Limbe mpaka ku Chileka, miyendo yanu sikhudza kolesitolo ngakhale pang'ono. Ntchito yake ndi ina. Kachikuto ka selo lililonse m'thupi kali ndi kolesitolo. Mahomoni a estrogen ndi progesterone, amene amayendetsa msambo ndi kusunga mimba, amapangidwa kuchokera kwa iye. Vitamini D amene khungu limapanga tikakhala padzuwa amayambira pomwepo, ndiponso ndulu imene imathandiza kugaya mafuta m'matumbo. Pokhala wofunika chonchi, thupi silidikira kuti timudye: pafupifupi magawo atatu mwa anayi limapanga lokha, ndipo chiwindi ndicho chimalamulira nkhani yonseyi. Chovuta n'chakuti thupi silitha kumuphwanya. Njira yaikulu yomuchotsera ndi yoti abwerere kuchiwindi, alowe mu ndulu, atsikire m'matumbo, atuluke ndi chimbudzi.

Mafuta ndi madzi sizisakanikirana, ndipo mbali yaikulu ya magazi ndi madzi. Choncho kolesitolo sayenda yekha, amapakidwa m'timibulu tokutidwa ndi mapuloteni. Timibuluti tili ngati malole onyamuka kudepoti. Lole yotchedwa VLDL imachoka kuchiwindi itadzaza katundu wamitundu iwiri: kolesitolo, ndi mafuta enieni opatsa mphamvu otchedwa ma triglyceride. Ikamadutsa m'minofu ndi m'malo osungira mafuta imatsitsa ma triglyceride aja, n'kutsala yaing'ono, yonyamula makamaka kolesitolo. Yotsalayo ndiye LDL. Imazungulira m'magazi masiku awiri kapena atatu mpaka chiwindi chitaikoka. Palinso ina, HDL, imene imatolera kolesitolo wotsala m'ziwalo n'kumubwezera kuchiwindi.

Ngozi ili pa LDL. Akachuluka n'kumakhalitsa m'magazi, ena amalowerera m'khoma la mtsempha n'kukanirira momwemo. Maselo oyera a magazi amabwera kudzamumeza, nawo n'kufera pomwepo, ndipo m'kupita kwa zaka pamamera chotupa cha mafuta mkati mwa khomalo. Tsiku lina chikang'ambika, magazi amaundana pamenepo n'kutseka njira. Zikachitikira mu mtsempha wodyetsa mtima ndiye kuti mtima wagwidwa. Zikachitikira mu wopita ku ubongo ndi sitiroko. Kwa zaka zambiri pamene chotupacho chikukula, munthu samva kanthu. Sipakhala chizungulire, sipakhala kupweteka mutu, ndipo sizitengera kuti ndi wonenepa kapena wochepa thupi.

Mukapempha kuyezetsa, pafomu amalemba kuti lipid profile, ndipo m'maiko ambiri, monga South Africa ndi Britain, zotsatira zimabwera mu muyeso wotchedwa mmol/L. Kwa munthu amene alibe matenda ena, madokotala amafuna kuti kolesitolo yense akhale pansi pa 5, LDL pansi pa 3, ma triglyceride pansi pa 1.7 ngati munayezetsa musanadye, ndipo HDL wa mayi apitirire 1.2. Wa bambo akangopitirira 1.0 amati zili bwino, chifukwa amayi mwachibadwa amakhala ndi HDL wochulukirapo. Ngati pepala lanu lili mu mg/dL, monga amachitira ku America, gawani nambala ya kolesitolo ndi 38.7, ndiye kuti 200 yawo ndi pafupifupi 5.2. Kwa wodwala shuga kapena amene anagwidwapo kale ndi mtima, malire a LDL amatsitsidwa kwambiri. Ndipo iyi si nkhani ya azungu okha. Kafukufuku wa STEPS amene anachitika m'Malawi mu 2009 anapeza kolesitolo wokwera mwa amayi 11 pa 100 alionse, pamene mwa abambo anali pafupifupi 6 pa 100.

Tsopano tione minofu. Kupirira kwa minofu n'kosiyana ndi mphamvu. Kunyamula thumba la chimanga la makilogalamu 50 kamodzi n'kuliika pa njinga, imeneyo ndi mphamvu. Kusenza ndowa ya malita 20 kuchoka pa mjigo mpaka kunyumba, khosi ndi msana zili nji, kenako kubwereranso, kumeneko ndiye kupirira. Yang'anani mayi akusinja: musi ukukwera ndi kutsika mofanana, mapewa ndi mikono zikubwereza ntchito yomweyo kambirimbiri, iye akuimba. Wosazolowera akagwira musi womwewo, pakangopita mphindi zochepa mikono imayamba kuwotcha ndi kunjenjemera. Kusiyana kwa anthu awiriwa kuli mkati mwa nyama yeniyeniyo.

Mnofu uliwonse uli ndi timinyewa tamitundu iwiri ikuluikulu. Tina timakoka msanga ndi mwamphamvu, timadalira shuga, ndipo timatopa msanga. Tina timakoka pang'onopang'ono, n'tofiira kwambiri, tazunguliridwa ndi timitsempha tambiri ta magazi, ndipo m'kati mwake muli ma mitochondria ochuluka, amene ndi tizigawo ta selo tosandutsa mafuta ndi shuga kukhala mphamvu pogwiritsa ntchito okosijeni. Munthu akamachita masewera mosadumphadumpha, timitsempha tija timawonjezeka, ma mitochondria amachuluka, ndipo mnofu umaphunzira kudalira mafuta n'kumasunga shuga wake. Pamenepa amayi anapatsidwa mwayi. Mayi ndi bambo akagwiritsidwa ntchito yolingana ndi mphamvu za aliyense, kawirikawiri mayi ndiye amachedwa kutopa, ndipo pa liwiro lapakatikati thupi lake limatenga gawo lalikulupo la mphamvu kuchokera ku mafuta.

Apa ndi pamene nkhani ziwirizi zikukumana. M'makoma a timitsempha ta m'minofu muli enzaimu yotchedwa lipoprotein lipase. Ntchito yake ndi kutsitsa ma triglyceride kuchokera mu VLDL ndi m'timibulu tonyamula mafuta a chakudya, kuti mnofu uwagwiritse ntchito. Mnofu wopirira uli ndi timitsempha tambiri, choncho uli ndi enzaimuyi yambiri, ndipo ukangogwira ntchito yolimba imachangamuka kwa tsiku limodzi kapena awiri. N'chifukwa chake ma triglyceride ndiwo amayamba kutsika mwa munthu wochita masewera, ndipo amatsika moonekeratu. Komanso timibulu tija tikamatsitsa katundu timachepa, ndipo zotsala za chikuto chake zimapita kwa HDL. Ndiye HDL amakwerako. Koma taonani mawu oti tsiku limodzi kapena awiri: phinduli silisungika. Mayi amene amadzipha ndi masewera Loweruka lokha, sabata yonse ali pampando, amapeza zochepa poyerekeza ndi amene amayenda ndawala masiku ambiri pa sabata.

HDL amakwera bwanji? Pang'ono, kunena zoona. Mu 2007 akatswiri a ku Japan anasonkhanitsa zotsatira za kafukufuku 25 wosiyanasiyana ndipo anapeza kuti masewera othamangitsa mtima amakweza HDL ndi pafupifupi 0.065 mmol/L, ndiponso kuti pamafunika mphindi zosachepera 120 pa sabata kuti kusinthako kuoneke. Kafukufuku wina wotchuka, STRRIDE, anachitikira ku Duke University ku America ndipo anasindikizidwa mu 2002. Anatenga abambo ndi amayi onenepa amene sankachita masewera n'kuwagawa m'magulu: ena ankachita masewera olingana ndi kuthamanga makilomita 32 pa sabata, ena 19. Nambala ya LDL sinasinthe kwenikweni. Chimene chinasintha ndi mtundu wake: timibulu tating'onoting'ono tolimba, timene timalowa msanga m'khoma la mtsempha, tinachepa, ndipo amene anachita masewera ochuluka ndiwo anapindula kwambiri. Kuchuluka kwa masewera kunali kofunika kuposa kulimba kwake. Kusintha kotereku sikuoneka papepala la masiku onse la ku labu, ndipo ndimamva chisoni mayi akasiya kuthamanga chifukwa cha nambala imene sinamuuze nkhani yonse.

Masewera onyamula zitsulo nawo amathandiza. Kafukufuku wina wa mu 1999, wa amayi 24 amene anali asanasiye kusamba, anapeza kuti amene ananyamula zitsulo katatu pa sabata kwa masabata 14 LDL wawo anatsika ndi 14 pa 100. Linali gulu laling'ono, ndipo akaphatikiza kafukufuku wambiri kutsikako kumakhala pafupifupi 5 pa 100. Si zachabe, koma kwa mayi amene LDL wake ali pa 5.5, sizokwanira.

Mwini wake wa LDL ndi chiwindi. Pamwamba pa maselo ake pali tizingwe togwira LDL n'kumukokera mkati, ndipo kuchuluka kwa tizingweti ndiko kumalamula kuti LDL atsala wochuluka bwanji m'magazi. Michael Brown ndi Joseph Goldstein a ku Dallas ndiwo anatulukira zimenezi, n'kulandira mphoto ya Nobel mu 1985. Tizingweti timamvera zinthu zingapo zimene miyendo ilibe nazo gawo: mtundu umene munabadwira, mafuta amene mumadya, mahomoni a chithokomiro, ndi estrogen.

Za kumtundu ndi zofunika kuzitchula poyamba chifukwa zimapha anthu ooneka athanzi. Pafupifupi munthu mmodzi pa 250 alionse amabadwa ndi tizingwe tochepa kapena tosagwira bwino ntchito, ndipo LDL wake amakhala wokwera kuyambira ali mwana. Mwa ma Afrikaner a ku South Africa vutoli n'lofala kuposa pamenepo. Munthu wamkulu amene LDL wake wafika 4.9 kapena kupitirira, makamaka ngati bambo ake, mayi ake kapena mlongo wake anagwidwa ndi mtima asanakalambe, ayenera kuonedwa ndi dokotala, ndipo abale ake ndi ana ake ayezedwenso. Ena amakhala ndi tizotupa tolimba pa mtsempha wa kuchidendene kapena pa mfundo za zala. Mayi wotere angakhale wothamanga kuposa onse m'tauni, koma masewera okha sangamupulumutse.

Estrogen amachulukitsa tizingwe ta chiwindi. Ndiye chifukwa chake mayi amene akusamba amakhala ndi LDL wotsikirapo poyerekeza ndi bambo wa msinkhu wake, ndipo matenda a mtima amachedwa kumupeza. Akafika posiya kusamba, zimene kwa ambiri zimachitika pakati pa zaka 45 ndi 55, chitetezo chija chimachoka. Kafukufuku wa SWAN ku America, amene anatsatira amayi amitundu yosiyanasiyana kuphatikizapo akuda kwa zaka zambiri, anaonetsa mu 2009 kuti LDL amakwera mofulumira m'chaka chozungulira msambo womaliza, mosiyana ndi kukwera kwa pang'onopang'ono kwa ukalamba. Nthawi yomweyonso minofu imayamba kuchepa ndipo mafuta amasamukira kumimba. Choncho mayi wa zaka 51 amene sanasinthe kadyedwe, sanasiye kuyenda, koma LDL wachoka pa 2.8 kufika 3.8, sanalakwe kanthu. Ndi nthawi yoti awonjezere masewera olimbitsa minofu, osati kuwasiya, ndiponso yoti ayezetse ngakhale zaka zisanu zapitazo zonse zinali bwino.

Pali mbali ina imene imandidetsa nkhawa kwambiri, chifukwa imakhudza atsikana akhama amene aliyense amawayamikira. Mtsikana akamachita masewera olimba tsiku ndi tsiku koma n'kumadya zochepa, kaya pofuna kuchepetsa thupi kapena chifukwa chakudya panyumba n'chosakwanira, ubongo umaona kuti mphamvu zaperewera ndipo umayamba kutseka ntchito zina. Yoyamba kutsekedwa ndi ya kubereka. Estrogen amatsika, msambo umayamba kudumpha kenako n'kusiyiratu. Zotsatira zake, mafupa amafooka, ndipo LDL amakwera mwa mtsikana woonda wothamanga makilomita ambiri. Bungwe la American College of Sports Medicine linatchula vutoli mu 1992, ndipo komiti ya Olimpiki inalifotokozanso mokulirapo mu 2014 pa dzina loti RED-S. Kusiya kusamba si chizindikiro choti thupi lalimba. Mtsikana amene watha miyezi itatu osasamba, alibe mimba ndipo sakugwiritsa ntchito njira yolera yoimitsa msambo, apite kuchipatala. Mankhwala ake oyamba ndi mbale yodzaza ndi kupumula, ndipo aphunzitsi a masewera m'masukulu ndi m'matimu ayenera kudziwa zimenezi.

Pa mimba, kolesitolo amakwera mwa mayi aliyense, ndipo ma triglyceride amatha kuwirikiza kawiri kapena katatu. Ndi mmene thupi limadyetsera mwana. Kuyezetsa kwabwino ndi patapita miyezi iwiri kapena itatu mwana atabadwa.

Nanga mayi amene wayamba kutopa msanga, miyendo kulemera, angati ndi kolesitolo? Kawirikawiri ayi. Choyamba kuganizira kwathu kuno ndi kuchepa kwa magazi: kafukufuku wa zaumoyo wa m'Malawi wa 2015 mpaka 2016 anapeza vutoli mwa mayi mmodzi pa atatu alionse a zaka 15 mpaka 49, ndipo magazi ochepa sanyamula okosijeni wokwanira kupita kuminofu. Chachiwiri ndi chithokomiro chaulesi, chimene chimabweretsa zonse ziwiri pamodzi: munthu amafooka, amamva kuzizira, amanenepa, minofu imawawa, ndipo LDL amakwera. Vutoli limagwira amayi kwambiri kuposa abambo, ndipo likachizidwa kolesitolo amatsika yekha. Pamene kolesitolo amaonongadi kupirira ndi pamene mitsempha yaphinjika kale. Chizindikiro chake m'miyendo ndi katumba wa kumbuyo kwa mwendo kugwira ululu munthu akayenda mtunda wakutiwakuti, n'kusiya akaima, n'kuyambanso akapitiriza. Kumtima, mayi amatha kumva chifuwa kuthina, koma mwina kungobanika mwachilendo, nseru, kapena ululu wa m'chibwano, kumsana ndi m'dzanja pamene akukwera chitunda chimene anachizolowera. Zikatero musalimbikire masewera, pitani kuchipatala tsiku lomwelo.

Amayi amene ali pa ma ARV adziwe kuti mankhwala ena, monga efavirenz ndi a m'gulu la protease inhibitor, amakweza mafuta m'magazi. Dolutegravir, amene ambiri m'Malawi anayamba kumwa kuchokera mu 2019, sakweza kolesitolo kwenikweni, koma kafukufuku wa ADVANCE ku Johannesburg anaonetsa kuti amene ankamwa mankhwalawa ananenepa kwambiri, makamaka amayi. Si chifukwa chosiyira mankhwala ngakhale tsiku limodzi. Ndi chifukwa chofunsira kuyezedwa ndi kulimbikira masewera.

Chakudya chimafika kuchiwindi kumene miyendo sifika. Mafuta oundana akazizira, a nyama ya ng'ombe, mbuzi ndi nkhumba, chikopa cha nkhuku, soseji, batala ndi mafuta a kanjedza, amachepetsa tizingwe togwira LDL. Mayi wochokera kujimu akaima pa chiwaya madzulo alionse, tchipisi ndi nyama yonona zokazingidwa m'mafuta amene akhala akuwira kuyambira m'mawa, chiwindi chimalandira uthenga wosiyana ndi umene minofu yalandira. Botolo la mafuta ophikira lolembedwa kuti mulibe kolesitolo silikunama, koma palibe mafuta ochokera ku zomera amene ali ndi kolesitolo, choncho mawuwo sakukuuzani ngati mafutawo ndi abwino. Zothandiza tili nazo kale pakhomo. Nsinjiro, mapeyala, soya, usipa ndi matemba zili ndi mafuta abwino. Nyemba, nandolo, khobwe ndi therere zili ndi ulusi wosungunuka umene umagwira ndulu m'matumbo kuti isabwerere m'magazi, ndipo chiwindi chimakakamizika kukoka LDL kuti chipange ndulu ina. Kutelera kwa therere kuja ndiko ulusi womwewo. Ma triglyceride nawo amakwera ndi shuga, zakumwa zotsekemera, mowa ndi nsima yambiri ya ufa woyera. Mgaiwa ndi wabwinoko.

Dokotala akanena kuti muyambe ma statin, monga simvastatin kapena atorvastatin, amayi ochita masewera amaopa zoti mankhwalawa amaononga minofu. Mankhwalawa amachepetsa kolesitolo amene chiwindi chimapanga, chiwindi n'kuchulukitsa tizingwe tija, ndipo LDL amatsika ndi 30 mpaka 50 pa 100, zimene palibe masewera angathe. Ululu wa minofu umachitikadi mwa ena, koma kafukufuku wamkulu wosindikizidwa mu The Lancet mu 2022 anapeza kuti mwa madandaulo 10 alionse a ululu wa minofu, oposa 9 sanachokere ku mankhwalawo. Ululu ukayamba mutangoyamba kumwa, mbali zonse ziwiri, m'ntchafu kapena m'mapewa, uzani dokotala; amatha kuchepetsa mlingo kapena kusintha mtundu. Mkodzo ukada ngati tiyi wopanda mkaka pamodzi ndi kufooka kwakukulu, limenelo ndi la changu. Amene akufuna kutenga mimba kapena akuyamwitsa anene asanayambe kumwa. Ndipo musadalire HDL wokwera kuti akufafaniza LDL wokwera: mankhwala a torcetrapib anakweza HDL kwambiri, koma kuyesa kwake kunaimitsidwa mu 2006 chifukwa omwa anamwalira ambiri kuposa osamwa.

Masewera sasiya kukhala ofunika chifukwa choti LDL sanagwedezeke. Amatsitsa kuthamanga kwa magazi, amathandiza minofu kukoka shuga, amachepetsa mafuta a m'mimba, amafewetsa mitsempha, ndipo mwa anthu awiri a kolesitolo wofanana, wolimba thupi ndiye amakhala ndi chiopsezo chochepa cha kufa ndi mtima. Bungwe la WHO, mu malangizo ake a 2020, limati munthu wamkulu azichita mphindi 150 mpaka 300 pa sabata za masewera apakatikati, amene mumatha kulankhula koma osaimba, kapena mphindi 75 mpaka 150 za olimba, kuphatikizapo masiku awiri kapena kuposerapo olimbitsa minofu. Pofuna kupirira, sankhani cholemera chimene mungathe kuchikweza ka 15 mpaka 25, mupume pang'ono, mubwereze. Kunyonyomala ndi kudzuka, kukwera ndi kutsika pa sitepe ya khonde, kukankha khoma ndi manja, kukweza zigubu za malita 5 zodzaza madzi, zonsezi sizilira jimu. Mayi wa kumudzi amene amalima, kutunga ndi kusenza nkhuni amakwanitsa zambiri mwa izi osadziwa. Amene ayenera kusamala ndi amene wasamukira m'tauni, ntchito n'kukhala ya pampando koma mbale osasintha.

Pokayezetsa, funsani ngati akufuna musadye. Akatero ndi maola 9 mpaka 12, madzi okha. Musathamange mtunda wautali mwachilendo dzulo lake, chifukwa ma triglyceride adzaoneka otsika kuposa mmene amakhalira, ndipo musayezetse mukudwala malungo kapena mutangochira, poti matenda otentha thupi amatsitsa kolesitolo kwa kanthawi. Pemphani nambala zonse zinayi, osati ya kolesitolo yense yokha, chifukwa mwa mayi wothamanga imeneyi imatha kupitirira 5 chifukwa cha HDL wochuluka pamene LDL ali bwino. Mukasintha kadyedwe kapena masewera, dikirani miyezi itatu musanayezetsenso, ndipo mutenge pepala lakale kuti dokotala ayerekeze.